Ulendo wa ku Lengwe M'mwezi wa Dzuŵa

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Ife a kuno ku Nkhotakota tidabadwira m'mphepete mwa madzi, ndipo ludzu sitilidziŵa kwenikweni. Dzuŵa likatentha timatsikira ku nyanja, kumpoto kwathu kuli Bua, kumwera kuli Chia. Chotero pamene ife aphunzitsi atatu tidaganiza zotenga ana khumi ndi aŵiri a Sitandade 8 kuti akaone dziko louma, tidasankha nkhalango ya Lengwe m'boma la Chikwawa. Tidasankhanso Okutobala, mwezi umene anzeru amapeŵa, poti tidamva kuti ndi pamene nyama zimasonkhana pa madzi.

Tidadzera ku Salima ndi ku Balaka, nkugona ku Blantyre. M'maŵa mwake tidachedwa ndi zogulagula, ndipo uku kudali kulakwa kwathu koyamba. Potsika mapiri a ku Chikwawa, msewu uli wokhotakhota, makutu adayamba kutseka ndipo mphepo yoloŵera pa mazenera idasanduka ngati mpweya wa m'ng'anjo. Chifukwa chake nchakuti chigwa cha Shire nchotsika kwambiri. Nyanja yathu ili pa mamita oposa 470 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene chigwachi chili pa mamita pafupifupi 100 okha, ndipo m'madera ena sichifikako. Dziko likatsika, kutentha kumakwera. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala si chachilendo kumeneko kuti kutentha kupitirire madigiri 40.

Titaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu tidafika ku Nchalo, kumene minda ya nzimbe idatikumbutsa ku Dwangwa. Nzimbezo nzobiriŵira chifukwa zimathiriridwa ndi madzi a mu Shire. Koma pamene nzimbe zathera, dziko limasintha mwadzidzidzi: dothi long'aluka, udzu wotuwa ndi mitengo yopanda masamba. Tidaloŵa pa chipata dzuŵa litakwera kale, pamene alendo odziŵa anali kutuluka.

Nkhalango ya Lengwe idayamba kutetezedwa m'chaka cha 1928 pofuna kupulumutsa nyama yotchedwa boo, imene Azungu amati nyala. Idakhala paki ya boma mu 1970, ndipo itakuzidwa mu 1975 idafika masikweya kilomita 887. Si chipululu chenicheni ngati Namib, pakuti m'dzinja mvula imagwa ndipo tchire limaphuka. Koma m'chilimwe mitsinje yake imasanduka mchenga wokhawokha, kotero kuti oyang'anira amachita kupopa madzi a pansi pa nthaka nkuthira m'maiŵe kuti nyama zimwe. Pafupi ndi maiŵewo adamanga tinyumba tobisalamo alendo.

Mitengo yakumeneko idatiphunzitsa kanthu. Mlambe umataya masamba onse nkusunga madzi m'thunthu lake. Tsanya, pamene ali ndi masamba, amaŵapinda dzuŵa likakula kuti asataye madzi, ndipo nchifukwa chake mthunzi wake ngwonama. Chilichonse cha m'dziko limenelo chimadziŵa kusunga. Ife tokha ndife tidabwera osadziŵa, titanyamula zigubu ziŵiri za malita asanu kuti zikwanire anthu khumi ndi asanu. Uku kudali kulakwa kwachiŵiri.

M'kanyumba kobisalamo tidakhala chete, poti kuona maso a nkhono nkudekha. Adayamba ndi anyani, kenaka njiri ndi michira yake ili njo! Nswala zidabwera zikuyang'ana uku ndi uku. Potsiriza m'zitsamba mudatuluka boo wamphongo, wakuda motuŵira, wa mizera yoyera m'nthiti, miyendo yofiirira ndi nyanga zopotoka. Pambuyo pake padali zazikazi zofiira zopanda nyanga, zosiyana naye ngati za mtundu wina. Zidamwa msanga nkubwerera m'mithunzi. Palibe nyama idatsalira padzuŵa.

Tili chiyang'anire, mtsikana wina adatikoka malaya nati, "Aphunzitsi, mnzathu uyu sakuyankha bwino." Mnyamata wamkulu pa onse, amene kwathu amapalasa bwato ndi bambo ake, adali atatsamira khoma, maso ali gwa, khungu lili lotentha. Tidamva pambuyo pake kuti mutu udayamba kumuŵaŵa tisanafike ndi pa chipata pomwe, koma adachita manyazi kunena, ndipo madzi ake adapatsa ana aang'ono. Tidamugoneka pamthunzi, kumumasula malaya, kunyowetsa chitenje nkumufunditsa, ena akumukupiza ndi makope. Atatsitsimuka nkutha kumeza, tidayamba kumumwetsa pang'onopang'ono madzi amene adatsala. Mlonda wa nkhalango amene adatiperekeza adatiuza kuti tisazengereze, ndipo tidathamangira naye ku chipatala, kumene adamuika madzi a m'botolo. Madzulo adali akuseka. Ife aphunzitsi sitidaseke, pokumbukira kuti makolo ake adatipatsa mwana wamoyo.

Tsono makolo ndi achinyamata, imvani zimene tidaphunzira mochedwa. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, ndipo thukuta ndi madzi pamodzi ndi mchere. Munthu woyenda padzuŵa lotere afunika malita angapo pa tsiku, iye yekha, ndipo amwe asanamve ludzu. Mutu, chizungulire, nseru ndi mkodzo wochepa wofiirira ndi zizindikiro zoyamba. Munthu akayamba kubwebweta kapena kukomoka, imeneyo ndi ngozi ya imfa: mumuziziritse ndi madzi msangamsanga, mupite naye ku chipatala, ndipo wokomoka musamumwetse kanthu. Nyamulani mapaketi a Thanzi. Akasoŵa, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Loŵani m'nkhalango mbandakucha kapena dzuŵa litapendeka, monga zichitira nyama. Ndipo inu aakulu, funsani ana mmodzimmodzi mmene akumvera, pakuti mwana wamanyazi sanena.

Izi si za ku Lengwe kokha. Ku America kuli paki ya m'chipululu yotchedwa Death Valley, kumene pa 10 Julayi 1913 adayeza madigiri 56.7, ndipo alendo amachenjezedwa kuti asayende pansi dzuŵa litakwera. Ngakhale kwathu kuno, mlimi wososa m'munda wa chinangwa ndi mwana wobwera ku sukulu masana ali pansi pa dzuŵa lomwelo.

Tidachita chidwi ndi anthu a m'chigwacho, Amang'anja ndi Asena, amene amapirira zonse ziŵiri. Dziko limene tidaliona litang'aluka ndi lomwe lidamizidwa ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Tidakumbukiranso kuti tili nawo pa ubale: zina mwa njovu pafupifupi 500 zimene zidasamutsidwira ku nkhalango yathu ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017 zidachokera ku Majete, m'boma lomwelo la Chikwawa, ndipo zina ku Liwonde.

Titabwerera kwathu, ana adathamangira ku gombe asanatule ndi zikwama zomwe. Mnyamata uja adaima m'madzi ofika m'maondo, akutunga ndi manja nkudzithira kumutu. Lolemba lake ana a kalasi lathu adatseka okha mpopi wa pasukulu umene udakhala ukudontha kwa miyezi yambiri ife osaona cholakwa. Ku Lengwe tidzapitanso, pakuti ana a chaka chamaŵa ayenera kumuona boo. Koma tidzagona pafupi ndi chipata, tidzaloŵa tambala atangolira, ndipo mwana aliyense adzasenza chigubu chakechake.