Chibonga Kuseri kwa Chitseko

Palibe nyumba ya m'mudzi kwathu kuno ku Machinga imene mungalowe n'kupeza mulibiretu chida. Kuseri kwa chitseko kumakhala chibonga, kudenga kumasomekedwa chikwanje, ndipo m'nyumba za achikulire ena mupezamo nthungo yadzimbiri imene makolo awo ankapita nayo kuuzimba. Anyamata nawo amayenda ndi malegeni m'khosi. Koma mukafunsa kuti ndani ali ndi mfuti, anthu amayamba ayang'anana kaye asanayankhe, pakuti mfuti kwathu kuno sitiitchula pagulu ngati khasu. Munthu wamba akakhala nayo timamuganizira ziwiri, kuti kapena ndi mlenje kapena ndi mbava. Ine ndakulira m'maganizo amenewa, ndipo nditamva kuti kuli maiko kumene mfuti imagulidwa m'sitolo ngati njinga, ndidafuna kudziwa gwero la kusiyana kumeneku.

Sikuti dera lathu ndi lachilendo kumfuti ayi. M'zaka za m'ma 1800 mafumu a Chiyao monga Kawinga wa kuphiri la Chikala, Liwonde, Mponda ndi Makanjira ankalandira mfuti ndi wonga kuchokera kwa amalonda a kugombe la nyanja yamchere, iwo n'kumapereka minyanga ya njovu ndi akapolo. Wokhala ndi mfuti ndiye ankagona tulo, ndipo wa uta ndi mivi ankathawira m'mapiri kapena m'zilumba za m'nyanja ya Chilwa. M'chaka cha 1890 maiko a Azungu atakumana ku Brussels adagwirizana zochepetsa kugulitsa mfuti zamakono kwa Afirika, ndipo mu 1895 asilikali a Harry Johnston adagonjetsa Kawinga ndi kulanda linga lake ku Chikala. Kuyambira nthawi imeneyo mfuti idasanduka chinthu cha boma. Mmwenye kapena Mzungu wa kumunda wa fodya ankaipeza mosavuta, koma munthu wakuda ankayenera kupempha ndi kulipira msonkho.

Mukaona mbiri ya dziko lino mupeza kuti aliyense amene adafuna kulimbana ndi boma adayamba n'kufunafuna mfuti za boma lomwelo, chifukwa m'midzi zidalimo zochepa. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe adapita kukathyola nyumba yosungiramo zida ya Mandala ku Blantyre. Mu Febuluwale 1965 Henry Masauko Chipembere ndi anthu ake adalanda mfuti kupolisi ya Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, nauyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde adapeza pantoni yowolokera Shire itamangidwa tsidya lina, ndipo ulendo udathera pomwepo. Ngakhale Apayoniya, amene tinkawaopa kwambiri tili ana, mfuti zawo adachita kupatsidwa ndi boma, ndipo mu Disembala 1993 asilikali a dziko lino adawalanda pa ntchito ija idatchedwa Operation Bwezani. Choncho Mmalawi adazolowera kuti mfuti ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo amavala yunifolomu.

Agogo anga aamuna adali nayo gogodela. Idali mfuti yosulidwa kumudzi, yothira wonga kukamwa, n'kutsindira ndi kachitsulo, zipolopolo zake zidutswa za misomali. Ntchito yake idali kuthamangitsa nguluwe ndi anyani m'munda wa chimanga umene udali mphepete mwa phiri. Ankaikulunga m'chiguduli n'kuiika pamwamba pa nkhokwe, ndipo pa zaka zonse zimene ndidakhala nawo ndidaimva ikulira kawiri kokha. Tsiku lina ndidawapempha kuti ndiigwireko pang'ono. Iwo adandiyang'ana nati, "Mdzukulu wanga, galu amadziwa mbuyake, koma ichi sichidziwa munthu. Chikafuna kulira sichifunsa kuti waima kutsogoloyo ndi mwana wa yani." Adanditengera kwa mnzawo wina wa mudzi woyandikana nawo amene adatsala ndi zala ziwiri kudzanja lamanja, gogodela itamuphulikira. Chikhumbo changa chogwira mfuti chidazilala tsiku limenelo.

Mfuti zenizeni tidazidziwa chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, imene idayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu oposa miliyoni imodzi adathawira kuno, ndipo ena adalowera cha ku Nayuchi ndi kunyanja ya Chiuta, atasenza mitolo ndi ana kumsana. Njanji ya ku Nacala, ija imapatukira pa Nkaya, idakhala zaka sitima isakudutsa chifukwa cha nkhondoyo. Tidagawana nawo minda ndi zitsime, ena mpaka adakwatira konkuno. Koma nkhondo itatha, zida zake sizidathe. Dzina loti AK-47 lidayamba kumveka m'kamwa mwa ana, ndipo kunkamveka mphekesera yoti m'malire munthu ankatha kuipeza posinthanitsa ndi thumba la chimanga. M'zaka zotsatira, eni magolosale a pa Ntaja, pa Nsanama ndi pa Ulongwe ankatseka dzuwa likangolowa, chifukwa mbava zimene kale zinkaboola khoma mwakachetechete tsopano zinkabwera zikuombera m'mwamba.

Nkhani imeneyi idandifikira pakhomo mu 2019. Msuweni wanga wina adakhala zaka zisanu ndi zitatu ku Johannesburg akugwira ntchito yaulonda, ndipo atabwerera adatsegula golosale pamalo ena amalonda m'boma la Balaka. Pasanathe chaka, anthu asanu a zikwanje adathyola usiku, adatema mlonda paphewa, natenga ndalama ndi katundu wa theka la sitolo. Patapita sabata tidakumana kwa amalume kuti timupepese ndi kuona chomuthandiza, ndipo iye adanena mosabisa kuti akufuna kukapempha chilolezo chogula pisito.

"Amalume," adatero, "ku Joni ndaona ndi maso angawa. Mbava imaopa nyumba imene ikudziwa kuti muli moto. Ine ndidavutika zaka zonsezi kugona m'kachipinda kamodzi anthu asanu ndi mmodzi kuti ndipeze mpamba umenewu. Usiku uja ndidaimba foni, thandizo lidafika kutacha. Kodi ndizingokhala manja lende mpaka adzandiphe?"

Palibe adamuseka, chifukwa zonse adanenazo zidali zoona. Lamulo la dziko lino silimuletsa kupempha. Lamulo la zamfuti la mu 1967 limalola munthu wamba kukhala ndi mfuti ngati apolisi amupatsa chilolezo, ndipo laisensi yake imayenera kukonzedwanso chaka ndi chaka. Chimene lamulo lalikulu la dziko lino la mu 1994 silinena n'chakuti kukhala ndi mfuti ndi ufulu wachibadwidwe. Kuno mfuti ndi chinthu chochita kupempha, ndipo wopemphedwayo atha kukana.

Amalume adakhala chete kanthawi akufwenkha fodya wawo, kenaka adati, "Mphwanga, mawu ako ndawamva. Koma tandiuza, nyumba yako ili ndi zipinda ziwiri ndipo ana ako atatu amasewera paliponse. Udzaiika pati? Ukaitsekera kutali, mbava zikafika siikuthandiza. Ukaiika pansi pa pilo, woyamba kuipeza ndi mwana wako. Komanso lero abwera asanu ndi zikwanje kufuna ndalama. Akadzamva kuti uli ndi pisito adzabwera khumi kufuna pisitoyo." Adaonjezera kuti pa milandu yonse imene adaweruzako ngati nkhoswe, yamalire a minda, yachigololo ndi yapamowa, anthu ambiri adapulumuka chifukwa chida chimene chidali pafupi chinkapereka mpata woti wina alanditse.

Mfundo yomalizayi ndi imene idandigwira mtima. Munthu wonyamula chibonga amayenera kuyandikira mnzakeyo, kumuyang'ana kumaso, kukweza mkono, ndipo pa nthawi imeneyo mlamu kapena mnansi amatha kumugwira kumbuyo. Mfuti sipereka nthawi yotere. Mkwiyo wa mphindi imodzi umasiya maliro awiri, wina kumanda wina kundende.

Komabe ndikudziwa kuti maiko ena amaiona mwina nkhaniyi, ndipo ali ndi zifukwa zawo. Ku America ufulu wokhala ndi zida udalembedwa m'malamulo awo aakulu mu 1791, patangopita zaka zochepa atamenya nkhondo yochotsa ulamuliro wa Angerezi, ndipo mu 2008 khoti lawo lalikulu lidagamula kuti ufuluwo ndi wa munthu aliyense payekha. Kwa iwo mfuti m'manja mwa munthu wamba ndi chizindikiro choti boma silingamupondereze. Bungwe la Small Arms Survey lidawerengera kuti mu 2017 kumeneko kudali mfuti pafupifupi 120 pa anthu 100 alionse, kutanthauza kuti mfuti zidachuluka kuposa eni ake. Mu 2012 mnyamata wina adapha ana 20 ndi akuluakulu 6 pasukulu ya Sandy Hook, koma ufuluwo udakhalabe.

Angerezi adatsata njira ina. Mu Malichi 1996 munthu adapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu ya ku Dunblane, ku Scotland, ndipo chaka chotsatira boma lidaletsa anthu wamba kusunga mapisito. Ku Australia, anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur mu Epulo 1996, boma lidagula mfuti pafupifupi 650,000 kwa eni ake n'kuziphwanya. Ku South Africa, kumene msuweni wanga adatengera maganizo akewo, adakhwimitsa lamulo la mfuti mu 2000, komabe mfuti zakuba zidapitiriza kuyendayenda. Ife a kuno sitidzaiwala kuti Lucky Dube, amene nyimbo zake zinkalira m'minibasi iliyonse ya pa Balaka, adaomberedwa ndi akuba galimoto ku Johannesburg mu Okutobala 2007. Dziko limene msuweni ankaliyamikira kuti anthu amadziteteza ndi lomwelo limene iye mwini ankagona maso ali gwa.

Phunziro limene limandifika pamtima kwambiri ndi la anansi athu a ku Mozambique. Mbendera yawo ili ndi chithunzi cha AK-47 chopingasana ndi khasu, chifukwa ufulu wawo adaupeza ndi mfuti. Koma ndi anthu omwewo amene mu 1995, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu la m'dzikomo, adayamba ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Mfuti zoperekedwazo ankazidula, ndipo amisiri adaumba nazo ziboliboli. Mpando wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti zimenezi uli ku British Museum mumzinda wa London. Anthu amene adalawa nkhondo zaka khumi ndi zisanu adaona kuti njinga ndi yaphindu kuposa mfuti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindikunena kuti mfuti ikakhala m'manja mwa boma ndiye kuti zonse zili bwino. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu 20 adafa m'mizinda ya dziko lino, ndipo zipolopolo zimene zidapha ambiri mwa iwo zidagulidwa ndi misonkho yathu. Sindikunenanso kuti zida zathu zam'mudzi n'zoyera. Taonapo gulu likutema ndi kuotcha munthu womuganizira kuti waba mbuzi, mlandu usadamveke n'komwe. Ndiponso pali malo pamene mfuti imafunikadi. Alimi a m'mphepete mwa nkhalango ya Liwonde, imene idakhazikitsidwa mu 1973, akudziwa kuti njovu ikalowa m'munda chibonga chilibe ntchito. Koma ngakhale kumeneko chimene chidachepetsa mavuto ndi mpanda wamagetsi umene bungwe la African Parks lidamanga litayamba kuyang'anira nkhalangoyo mu 2015, pamodzi ndi kusamutsa njovu zina kupita ku Nkhotakota ndi ku Kasungu. Aliyense akadapatsidwa mfuti, bwenzi lero tikuwerenga mitembo ya njovu ndi ya anthu omwe.

Tsono mukandifunsa chida chimene ine ndimakonda, ndikuuzani zitatu: galu wokuwa, wenzulo, ndi chibonga cha mtengo wa mtsanya chimene agogo adandisiyira. Galu amandidzutsa, wenzulo umadzutsa mudzi, ndipo chibonga n'chongondilimbitsa mtima kufikira anansi atafika. Zida zimenezi mphamvu yake ili mwa anthu ondizungulira, n'chifukwa chake zimandikakamiza kupereka moni kwa anansi anga, kupita kumaliro awo ndi kuwabwereka mchere. Mutu umodzi susenza denga. Munthu wa mfuti atha kuganiza kuti safuna mnzake, ndipo mudzi wa anthu oganiza chotero umakhala wamipanda italiitali ndi mantha ochuluka.

Msuweni wanga sadanene kuti wagonja, ndipo ife sitidamuumirize. Adawotcherera zitsulo m'mazenera ndi pachitseko, nagwirizana ndi amalonda anzake asanu ndi awiri kuti azisonkha mwezi ndi mwezi kulipira alonda anayi okhala ndi mawenzulo ndi matochi. Mlonda wotemedwa uja adachira ndipo ndi mmodzi mwa iwo. Nkhani ya pisito imabwerabe nthawi zina, makamaka akamva kuti kwina kwathyoledwa, ndipo amati tsiku lina adzapita ndithu kukapempha chilolezo. Akatero mkazi wake sayankha, amangoyang'ana ana awo akusewera pakhonde la golosale, ndipo mwamunayo amasintha nkhani n'kuyamba kukamba za mtengo wa shuga.