Ndinamuuza kuti akagone

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene ndinakuphunzitsani Biology, iyi ndaisunga nthawi yaitali.

Mnyamata wanga wa Folomu 3 anagwa pa kabaza wa njinga yamoto pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Balaka, chisoti alibe. Anadzuka akuseka. Ine ndinati, "Pita ukagone, mawa kuli mayeso." Pofika madzulo anayamba kusanza, kenaka tulo tosadzutsika.

Chigaza ndachiphunzitsa zaka zambiri, koma tsikulo ndinaiwala kuti sichifutukuka. Ubongo umadziyezera wokha magazi, mitsempha yake ikukula kapena kuchepa. Ukatupa, kapena magazi akatayikira m'kati, malo amasowa ndipo umapanikizika.

Kumaiko olemera amaboola chigaza n'kuikamo kachipangizo koyeza kupanikizikako. Kuchipatala kwathu anamwino anali ndi tochi basi. Ola lililonse ankamuunika m'maso, kumutsina, kumufunsa dzina, n'kulemba malikisi a Glasgow Coma Scale, amene amayambira 3 kulekeza 15. Atatsika kuchoka pa 13 kufika pa 9, kakuda ka diso limodzi katakula, ambulansi inanyamuka wa ku Queens.

Anachira, Folomu 4 analemba. Mayi ake amandithokozabe tikakumana pamsika wa Balaka, ine ndimangoyang'ana pansi.