Timphaka ta kuseri kwa golosale

Mphaka wina wa kuseri kwa golosale pa Migowi waswanso. Tiana tinayi, kamodzi kochepetsetsa ngati mbewa, maso akadali otseka, tinzake tikungokaponda pothamangira kuyamwa. Mwini golosale akuti akatitaya kudambo poti amphaka ndi a afiti. Nanga usiku amamulonderera matumba a chimanga ndi nandolo ndani?

Mphakatu amakhala ndi bere miyezi iwiri yokha, pachaka akhoza kuswa kawiri kapena katatu. Kakakazi ka miyezi 5 kakhoza kutenga bere kale. Mpake amphaka pamsika sakutha.

Kamphaka kofooka ngati kochepetsetsa kaja kamayamba kufa ndi kuzizira, njala imabwera pambuyo. Kaikeni m'katoni, pambali botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsanza. Mkaka wa ng'ombe ayi, kamatsegula nawo m'mimba. Kakakwana mwezi, matemba a ku Chilwa osinja, koma muyambe mwawanyika kuti mchere uchoke. Nthata ndi njoka zam'mimba ndiye zimakapinimbiritsa zedi. Ana asamagwire make, chiwewe si cha agalu okha.

Anzanga a ku Phalombe kuno, alipo anapitapo ndi mphaka kwa alangizi a ziweto kuti asamaswenso? Munalipira zingati?