Kulondola Mapazi a Imelo Yosowa

Pa ntchito yanga yosamalira makompyuta a pakampani, dandaulo losatha ndi lakuti, "Achimwene, maimelo anga asowa." Sindithamangira ku seva. Ndimayamba ndafunsa kuti asowa pati, pafoni, pa laputopu kapena paliponse, kenako timatsegula bokosi lawo pa intaneti. Makalata akapezekamo, mlandu ndi wa Outlook ya pakompyuta yawoyo, yomwe kawirikawiri imangosunga a miyezi 12 yapitayi, akale n'kuwasiya pa seva. Amene anafufuta okha ndimawauza kuti asachedwe: seva yathu ya Exchange imasunga zofufutidwa kwa masiku 14 okha ngati palibe anawonjezera nthawiyo.

Kalata ikabwerera kwa mwini wake, anthu amataya kauthenga kake osakawerenga, pamene ine ndi kameneko ndimakafuna. Mu kauthengako, nambala yoyamba ikakhala 4 ndiye kuti seva ikuti dikirani, ndiyesanso. Ikakhala 5 ndiye kuti yakana basi. 550 5.1.1 ndi adiresi yomwe kulibe, nthawi zambiri chala chinaphonya chilembo. 452 4.3.1 imandidzutsa pampando, chifukwa mwina disiki yadzaza.

Nthawi zina olakwa sitikhala ife. Pa 1 Januwale 2022 maseva a Exchange 2016 ndi 2019 m'mayiko ambiri anangounjika makalata pamzere osawatumiza. Chigawo chofufuza mavairasi chinalandira nambala yochokera ku deti, 2201010001, yoposa 2,147,483,647 imene chikanatha kunyamula. Ambiri tinayamba tazimitsa chigawocho kuti makalata ayende, mpaka a Microsoft anatulutsa chokonzera.

Koma kusowa kumene kumandiopsa ndi kwa makalata osankhika. Mayi wa ku ofesi ya zachuma amalandira zonse bwinobwino, kupatula mainivoisi. Ndikalondola ndi message trace, seva imaonetsa kuti kalata inafika m'bokosi, ola ndi mphindi yake zilipo. Pamenepo ndimatsegula malamulo a m'bokosimo, ndipo ndimapeza lina lomwe dzina lake ndi kadontho chabe. Likuti kalata iliyonse yotchula malipiro ipite mu foda ya RSS Feeds, imene palibe amaitsegula, ndipo izioneka ngati yawerengedwa kale. Lamulolo analemba ndi wakuba amene anapeza pasiwedi ya mayiwo. Iye ndiye akuwerenga makalatawo n'kumayankha m'dzina lawo, kudikira tsiku loti alowetse nambala ya akaunti yake.

Apa kusintha pasiwedi kokha sikukwanira, lamulolo limatsala likugwirabe ntchito. Ndimalifufuta, ndimatulutsa zipangizo zonse zomwe zinalowa m'bokosimo, n'kuika kuti polowa pazifunikanso nambala yobwera pafoni. Ndikatero ndimapita ndekha ku ofesi kwawo.

"Amayi, musalipire aliyense lero musanamuimbire foni. Ndipo nambala yake muitenge m'mafayilo akale, osati ya pansi pa imeloyo."