Ku Swords, komwe katundu sagona

Abale ndi alongo, amene simunafikeko ku Swords, kwerani basi nambala 41 pa Abbey Street mu Dublin, mudutse pabwalo la ndege, mukatsike pa Main Street. Kumapeto kwa msewuwo mukapeza linga la Swords Castle, lomwe linamangidwa cha m'ma 1200 kuti muzikhala maakibishopu a Dublin. Alendo amajambulitsa pamenepo, kenako n'kukagula zinthu ku Pavilions. Koma Swords amene ine ndimamudziwa ndi wausiku.

Ndimagwira ntchito m'weyahausi ina kunja kwa tauniyi. Anthu akamagona, malole amakhala akutuluka mu Port Tunnel, msewu wapansi pa nthaka wa makilomita 4.5 womwe unatsegulidwa mu 2006, n'kulowa mu M1 kubwera kwathu kuno. Ine ndimangoloza sikana pa katoni, kompyuta n'kunena komwe yachokera, shelefu yoti ikhalepo ndi lole yoti iitenge m'mawa. Kabuku ndi cholembera zinatha kalekale. Ukazolowera zimenezi umayamba kuganiza kuti katundu aliyense padziko lapansi amayenda chonchi.

Mu September 2024 ndinaphunzira kuti si choncho. Mayi anga ku Chirimba anadwala matenda ofa ziwalo, ndipo ndinawagulira njinga ya olumala yabwino ndithu. Ndinailongedza pamodzi ndi zovala za ana ndi mabulangete, n'kuipereka kwa munthu wina amene amasonkhanitsa katundu wa Amalawi m'kontena imodzi. Anandilonjeza kuti Khirisimasi isanakwane, mayi adzakhala atakhalapo.

Anandipatsanso nambala ya kontenayo, moti ndinkailondola pa foni. Ndinaiona ikuchoka padoko la Dublin, ikudikira sitima yaikulu ku Rotterdam, ikutsika nyanja mpaka ku Beira. Itafika pamenepo, kadontho ka pa foni kanangoti zii. Ku Mozambique kunali zipolowe zotsatira chisankho cha pa 9 October, ndipo madalaivala ankaopa msewu wodzera ku Tete kukafika pachipata cha Mwanza. Kwathu mafuta agalimoto anali atasowa, anthu akugona pamizere. Mlongo wanga ankandiimbira madzulo aliwonse. "Achimwene, kodi ili pati tsopano?" Ine n'kuyang'ana foni, n'kuyankha zomwezomwezo, uku mayi akunyamulidwa pamsana kupita kubafa.

Musaganize kuti mavuto otere ndi a kwathu kokha. Mu December womwewo, namondwe Darragh atadutsa, doko la Holyhead ku Wales linatsekedwa mpaka mu January 2025. Pamenepo ndi pomwe pamadzera katundu wambiri wochokera ku Britain kubwera ku Dublin. Mphatso za Khirisimasi zinachedwa, ndipo m'weyahausi mwathu mashelefu ena anangoti mbee. Mzungu wina amene ndimagwira naye ntchito anadandaula kuti dziko lonse likudikira doko la eni ake. Ndinaseka, n'kumuuza kuti ife Amalawi tinabadwira m'zimenezo: tilibe doko la panyanja yaikulu, timadalira Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban.

Zoterezi sizinayambe dzulo. Kuyambira pa 1 January 2021, Britain itamaliza kutuluka mu European Union, katundu wochokera kumeneko amafuna mapepala a kasitomu. Mu March chaka chomwecho sitima ya Ever Given inatseka ngalande ya Suez kwa masiku 6. Kumapeto kwa 2023 sitima zambiri zinayamba kupewa Red Sea poopa kuphulitsidwa, n'kumazungulira ku South Africa, ndipo mitengo yotumizira makontena inakwera. Makina amakono amatiuza komwe katundu waima, koma sangathe kumusuntha.

Njingayo inafika ku Blantyre kumapeto kwa January, titalipiranso msonkho womwe sindinauwerengere poyamba. Mayi akuigwiritsa ntchito, ndipo anayambiranso kupita kutchalitchi. Koma masabata amene anavutika aja amandiwawabe mumtima.

Choncho, inu amene mukukonzekera kutumiza katundu, imvani zanga. Za Khirisimasi tumizani mu July. Funsani doko limene kontena idzere, ndipo mutenge nambala yake. Lembani zonse zimene zili m'katoni pamodzi ndi mitengo yake, musunge malisiti, mupatulenso ndalama ya MRA. Chinthu chimene wodwala sangadikire, tumizani pandege kapena tumizani ndalama akagule konko. Ndipo tiyeni tiziuzana za anthu odalirika pantchitoyi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mukadzafika ku Swords, linga mudzalione ndithu. Koma mudzaimenso pang'ono pamlatho wa M1, muwerengeko malole.