Buku Lobwereka

M'mudzi wa Dunfermline, m'dziko la Scotland, munali mmisiri woomba nsaru, dzina lace William Carnegie. Masiku amenewo mabuku anali a mtengo wapatali, ndipo osauka sanakhoza kugula ambiri. Cifukwa cace iye ndi anzace anasonkhanitsa mabuku ao owerengeka, kuti yense abwereke la mnzace. Potero buku la nyumba imodzi linawerengedwa m'nyumba zambiri.

Mwana wace Andrew anabadwa m'caka ca 1835. Makina atalanda nchito ya oomba pamanja, banjalo linasauka, ndipo m'caka ca 1848 linaoloka nyanja kunka ku America. Kumeneko Andrew anayamba nchito akali mwana, osapitanso ku sukulu.

Koma m'mudzi wao watsopano, Allegheny, munali munthu wacifundo, James Anderson, wakukhala ndi mabuku 400. Loweruka liri lonse analola anyamata anchito kutenga buku limodzi, nabwera nalo Loweruka linzace kudzasintha. Mabuku amenewo ndiwo anakhala sukulu ya Andrew.

Atakula analemera ndi malonda a zitsulo, koma sanaiwala. Anapereka cuma comangira nyumba za mabuku zoposa 2,500. Yoyamba inatsegulidwa kwao ku Dunfermline m'caka ca 1883.

Ana inu, buku lobisika m'bokosi lidyedwa ndi ciswe. Mukabwereka buku, muwerengereko amai ndi atate madzulo, nimulibweze losang'ambika, pakuti wina alikuliyembekeza. Mukakhala ndi lanu, mubwereke mnzanu. Akulu anati, kupatsa nkuika.