Manja otsala pa nsanamira ku Ravenna

Ndisakunamizeni, ku Ravenna ndinapitako chifukwa tikiti ya sitima inali yotchipa. Ndinali ku Bologna pa maphunziro a miyezi ingapo, ndiye Loweruka lina mnzanga wa m'kalasi ataona kuti ndikungogona, anati, "Iwe, pita ukaone matchalitchi a ku Ravenna." Mumtima ndinkati, matchalitchi eti? Ine wokulira m'kwaya ndikaonenso chachilendo chanji? Komabe ndinakwera. Ndi ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zingapo basi.

Ukafika sungakhulupirire kuti mzindawu unakhalapo likulu la ufumu. Ndi wabata, agogo akupalasa njinga kupita kumsika. Koma mu 402 mfumu Honorius inasamutsira kumeneku likulu la chigawo cha kumadzulo cha ufumu wa Roma. Kenako kunabwera a mtundu wa Goth, ndipo mfumu yawo Theodoric inalamulira kuyambira 493 mpaka 526. Mu 540 asilikali a ku Constantinople, motsogozedwa ndi Belisarius, anaulanda. Olamulira amenewa anasiya zomanga zawo, ndipo zisanu ndi zitatu mwa izo zinalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1996.

Kunja ndi njerwa wamba, zosachititsa kaso. Zonse zili mkati. Ndinayamba ndi kanyumba kotchedwa manda a Galla Placidia, mlongo wake wa Honorius. Mumakhala kamdima, koma maso akazolowera umangoona denga lonse ndi thambo la usiku, labuluu, lodzaza nyenyezi zagolide. Si penti ayi. Ndi timagalasi ndi timiyala tating'ono ngati chikhadabo, tomata kamodzikamodzi. Amisiri ankatipendeketsa dala kuti kuwala kuzitigunda mosiyanasiyana, n'chifukwa chake ukasuntha pang'ono khoma limakhala ngati likuphethira. Ndinajambula kasanu, foni yanga inangotulutsa mdima.

Ku San Vitale, tchalitchi chomwe chinamalizidwa cha m'ma 547, ndinaona mfumu Justinian mbali imodzi ya guwa, mkazi wake Theodora mbali inayo atanyamula chikho chagolide. Awiriwa sanapondeko ku Ravenna, koma nkhope zawo zakhala pakhomapo zaka pafupifupi 1,500. Ndinaseka ndekha. Mabwana kuika chithunzi chawo mu ofesi yomwe sanalowemo, si za lero.

Koma chimene chandichititsa kulemba izi ndinachipeza ku Sant'Apollinare Nuovo. Tchalitchi chimenechi anamanga ndi Theodoric, yemwe ankatsatira chiphunzitso cha Arius, chonena kuti Mwana si wofanana ndi Atate. Pakhoma pali chithunzi cha nyumba yake yachifumu, ndipo pakati pa nsanamira zake poyamba panaima anthu a m'bwalo lake. Mzinda utalandidwa, tchalitchicho chinaperekedwa kwa Akatolika, ndipo m'nthawi ya bishopu Agnellus anthu aja anachotsedwamo. Pamene anaima panaikidwa makatani. Ukangodutsa umaona makatani okongola, basi. Koma ukayang'anitsitsa nsanamira zoyerazo, upeza manja. Apa zala, apo chikhatho chotambasuka. Eni ake anafufutidwa, manja anatsala.

Miyendo inandizizira, ndinakhala pampando.

Kwathu pabalaza pali chithunzi cha tsiku la ubatizo wa mchemwali wanga wamng'ono. Bambo atachoka n'kukayamba banja lina, ine ndili ndi zaka 9, mayi anatenga sizasi n'kuwadulamo. Anadula mosamala ndithu, n'kubwezera chithunzicho mufelemu. Koma dzanja la bambo linali paphewa panga, ndiye kulichotsa kukanatanthauza kudula ine. Linatsala. Ndakula ndikuliona tsiku ndi tsiku, zala zinayi pa malaya anga oyera, ndipo palibe anayamba walitchulapo m'nyumba mwathu.

Mayi sindiwaimba mlandu. Amene anagulitsa mandazi kuti ine ndifike ku yunivesite ndi iwowo, ndipo sizasi ija anali nayo ufulu. Vuto ndi ine. Ntchito ya sizasi ndinaipitiriza ndekha. Pa mafomu, malo a dzina la bambo ndinkangolemba kamzere. Anzanga ena mpaka lero amaganiza kuti anamwalira, ine osawakonza. Nditatsala pang'ono kunyamuka, anamva kwa achibale n'kunditumizira uthenga pa WhatsApp: "Uyende bwino mwana wanga." Ndinawerenga, n'kuwabuloka.

Ndiye ndili m'tchalitchi muja ndinadzifunsa kuti, kodi zaka zonsezi ndafufuta chiyani kwenikweni? Ndikakwiya ndimakanda kumutu ngati iwo. Mayi akandimva ndikuseka kuchipinda nthawi zina amangoti zii. Dzina langa lachiwiri, lomwe lili pa pasipoti imene inandifikitsa ku Italy, ndi lawo. Makatani ndinapachika, inde, koma aliyense woyang'anitsitsa akuona.

Alendo anzanga ankajambula mzere wa ofera chikhulupiriro ndi anzeru a kum'mawa atatu aja ali ndi zipewa zofiira. Ine maso anali pa zala basi. Amene analamula kuti anthu aja achotsedwe anali wotsimikiza kuti akukonza zolakwika. Lero ambiri timaima nthawi yaitali pa malo omwewo amene ankafuna kuti tisaone kanthu.

Nditatuluka ndinagula piadina, kamkate kopyapyala ka m'chigawo chimenechi, n'kukhala pafupi ndi manda a Dante, yemwe anafera kuno mu 1321 atathamangitsidwa kwawo ku Florence. Ndinaimbira mayi.

"Amayi, chithunzi cha ubatizo chija chikadalipo?"

"Chipitenso kuti? Ukuchifuniranji?"

"Palibe, ndangochikumbuka."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Wadya?"

Musaganize kuti ndinakhululuka tsiku lomwelo. Mkwiyo wa zaka pafupifupi 20 sutha chifukwa cha timagalasi. Chimene ndinachita n'chaching'ono. M'sitima yobwerera ku Bologna ndinatsegula nambala ija, n'kulemba kuti, "Bambo, ndinafika bwino." Ndinafufuta, n'kulembanso mawu omwewo. Tikudutsa minda ya zipatso, dzuwa likulowa, ndinatumiza.